Caishikou, siteshoni yomwe ndinkangoidutsa

Pomwe ndinali pa sukulu ku Beijing ndinkakwera kawirikawiri sitima ya pansi pa nthaka, njanji ya nambala 4. Kwa miyezi yambiri dzina loti Caishikou linali longomveka pa sipika sitima ikamaima, basi. Limatanthauza khomo la msika wa masamba. Amene ananditsitsa pamenepo tsiku lina ndi mnzanga wa m'kalasi wochokera ku Hunan. Titatulukira kunja, pakati pa phokoso la magalimoto, anandiuza kuti pano ndi pomwe boma la mafumu a Qing linkadulira anthu mitu, ndipo munthu wakwawo anafera pompo.

Munthuyo ndi Tan Sitong wa ku Liuyang, mwana wa bwanamkubwa wa chigawo cha Hubei. Anaphedwa pa 28 Sepitembala 1898 ali ndi zaka 33, iye ndi anzake asanu omwe ankafuna kusintha kayendetsedwe ka dziko la China, popanda kuwazenga mlandu.

Dziko linali pa manyazi aakulu. Mu 1895 China inagonja kwa Japan, dziko lomwe inkaliona ngati mwana, ndipo inapereka chilumba cha Taiwan ndi siliva wokwana ma tael 200 miliyoni. Ena ataona kuti mpanda wagwa, analowa nawo. Germany inalanda doko la Jiaozhou mu 1897 amishonale ake awiri ataphedwa ku Shandong, Russia inatenga Port Arthur, Britain inabwereka dera la New Territories ku Hong Kong kwa zaka 99. Mfumu Guangxu, mnyamata wosafika zaka 30, anamvera Kang Youwei, munthu wophunzira yemwe ankatsogolera ofuna kusintha zinthu, ndipo kuyambira pa 11 Juni 1898 malamulo anayamba kutsika ngati mvula. Kalembedwe kakale ka mayeso olowera ntchito m'boma kathe. Mu Beijing mutsegulidwe yunivesite. Asilikali aphunzitsidwe mwatsopano. Maofesi omwe anthu ankangodyerapo malipiro atsekedwe.

Lamulo lotseka maofesilo linakhudza m'mbale mwa akuluakulu, ndipo iwo ankadziwa kokadandaula. Mphamvu zenizeni zinali ndi Cixi, mayi ake aakulu a mfumuyo, amenenso anamuika pa mpando ali kamwana. Usiku wa pa 18 Sepitembala, Tan anapita kwa mkulu wa asilikali Yuan Shikai kukapempha thandizo la mfuti. Yuan sanabweretse msilikali ndi mmodzi yemwe. Pa 21 Cixi anatenganso ulamuliro, n'kutsekera Guangxu pa kachilumba ka Yingtai. Zonse zinatha m'masiku 103.

Kang anathawa mothandizidwa ndi a ku Britain. Liang Qichao, wophunzira wa Kang, anabisala ku ofesi ya kazembe wa Japan mpaka kuwolokera komweko. Tan mpata wothawa anali nawo, koma anakana. Liang analemba pambuyo pake kuti Tan ananena zoti m'maiko ena kusintha kunabwera anthu atakhetsa magazi, ku China palibe yemwe anali atakhetsa, ndiye ayambe ndi iyeyo.

Apa ndi pomwe tinatsutsana ndi mnzangayo, titaima pafupi ndi kanjira ka nyumba komwe Tan ankakhala. Ine ndinati anyamatawa anapupuluma, kuthamanga sikufika. Sungachotse anthu ntchito, kusokoneza mayeso omwe amuna ena awerengera zaka 20, uku ulibe gulu lako la nkhondo, kenako n'kukaika moyo wa mfumu m'manja mwa munthu yemwe sukumudziwa mtima. Iye anandiyang'ana n'kufunsa kuti, madoko akupita limodzi limodzi chonchi, akanayenda pang'onopang'ono mpaka liti? Ndinasowa poyankha, ndipo mpaka pano funsolo limandibwerera. Ndimakhulupirirabe kuti ulendo wa kwa Yuan unali cholakwa chachikulu. Koma kunena kuti Tan anafa pachabe, pakamwa panga sipalola.

Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi Kang Guangren, mng'ono wake wa Kang Youwei, mmodzi wa asanu aja anaphedwa ndi Tan. Mkulu wake anapulumuka n'kukhala ndi moyo mpaka 1927, iye mutu wake unagwera pa msika wa masamba.

Chowawa china n'choti zomwe anafera zinachitikabe. Asilikali a maiko 8 atalowa mu Beijing mu 1900 pa nkhondo ya ma Boxer, gulu la a ku China lomwe linaukira anthu akunja, Cixi anathawira ku Xi'an, China inalamulidwa kulipira ma tael 450 miliyoni, ndipo boma lomwelo linathetsa mayeso akale aja mu 1905. Ufumu sunapulumuke, unatha mu 1912.

Madzulo tinakweranso nambala 4 kulowera kumpoto, osalankhulana kwambiri. Sitima inaima pa chipata cha kum'mawa cha Peking University, yunivesite ya mu 1898 ija yomwe Cixi sanaitseke, ndipo ophunzira anatsika ambiri ndi zikwama zawo. Siteshoni yotsatira inali Yuanmingyuan, nyumba zachifumu zomwe asilikali a Britain ndi France anazifunkha, a Britain n'kuzitentha mu 1860, Tan asanabadwe.