Mphoto ya oimba achizimayi ku Nashville

Ndakhala ndikuganizira za mphoto imene bungwe la Country Music Association limapereka chaka ndi chaka ku Nashville, m'dziko la America, kwa mayi amene waposa anzake pa kuimba nyimbo za country. Woyamba kuilandira anali Loretta Lynn mu 1967, ndipo Tammy Wynette anailandira zaka zitatu zotsatizana kuyambira mu 1968. Dolly Parton anailandira mu 1975 ndi 1976. Ine mawu ake ndinawadziwira pa wailesi ya kaseti ya mayi anga, imene ankaiika pa zenera akamasita zovala Loweruka, ndipo kaseti ikatafunidwa ankaikulunga ndi bolopeni mosamala kwambiri.

Amene waitenga nthawi zambiri ndi Miranda Lambert, kasanu ndi kawiri, ndipo kasanu ndi kamodzi mwa maulendowo kanali kotsatizana, kuyambira mu 2010 mpaka 2015. Zimenezi n'zonyaditsa, koma chimandiwawa mtima ndi mphoto yaikulu ya Entertainer of the Year (ya woimba wosangalatsa anthu koposa onse m'chakacho), imene amapikisana amuna ndi akazi pamodzi. Loretta Lynn anakhala mayi woyamba kuilandira mu 1972, koma Taylor Swift ataitenga mu 2011, panapita zaka khumi ndi chimodzi ikupita kwa amuna okhaokha, kufikira Lainey Wilson anaitenga mu 2023. M'zaka zimenezo Carrie Underwood ankadzaza mabwalo akuluakulu ndi anthu, ndipo ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti anayenera kuilandira.