Lole ikafika ndi katundu wowonongeka kapena wosakwana, musafulumire kusaina

Amalonda ambiri a muno mu Zomba amene amakanizidwa ndalama za katundu wowonongeka kapena wosowa panjira, mlandu wawo suthera ku ofesi ya inshuwalansi ayi. Umathera pakhomo pa shopu yawo yomwe, lole itaima, aganyu akutsitsa mothamanga, dalaivala akuti mumusainire msanga poti akufuna akafike ku Liwonde kusanade. Delivery note imene mumasainayo imanena kuti katundu mwamulandira yense ndiponso ali bwinobwino. Mukasaina osalembapo kanthu, mwachitira umboni mwini lole. Mawa mukapeza matailosi osweka m'makatoni, adzangokufunsani kuti, tidziwa bwanji kuti sanaswekere m'sitolo mwanu?

Ndiye ntchito iyambe tenti isanafunyululidwe. Jambulani lole yonse pa foni, nambala yake ikuoneka, komanso mmene zingwe zamangidwira. Ngati tenti ndi yong'ambika kapena padikha madzi pakati, jambulani pomwepo. Nthawi ya dzinja simenti, shuga ndi feteleza zimatha kunyowa pa kamtunda kochoka ku Limbe kudzafika kuno, ndipo tenti ikangopindidwa umboni wapita.

Kontena ili ndi zake. Pachitseko pamakhala seal, chotsekera chosatseguka popanda kudula, yokhala ndi nambala, ndipo nambalayo ifanane ndi yolembedwa pa bill of lading, pepala limene kampani ya sitima imapereka polandira katundu. Ikasiyana musathamangire kunena kuti akuberani. Mwina a kasitomu anaitsegula pa Mwanza kapena pa Dedza n'kuikapo ina. Koma zikatero pamayenera kukhala pepala losonyeza zimenezo, ndipo clearing agent wanu, amene amakuombolerani katundu ku kasitomu, alipereke. Seal ijambuleni musanadule, mukadula isungeni. Mukatsitsa zonse, wina alowe m'kontenamo, anzake atseke zitseko, ayang'ane kudenga ndi m'makona: pamene pakulowa kuwala ndi pamene panalowera madzi. Ngati palibe bowo koma makatoni apamwamba okha ndi onyowa, nthawi zambiri amakhala thukuta la kontena, lobwera chifukwa cha kutentha masana ndi kuzizira usiku. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika, chifukwa bowo ndi mlandu wa eni kontena pamene thukuta amalikankhira kwa amene analongedza. Surveyor, katswiri amene a inshuwalansi amatuma kudzaona zowonongeka, amathanso kuyeza katoni yonyowa ndi mankhwala a silver nitrate kuti aone ngati madziwo anali amchere. Amchere amaloza panyanja, a mvula amaloza padoko kapena pamsewu.

Powerenga pakhale munthu mmodzi ndi kope, katundu azidutsa khomo limodzi. Zowonongeka ziunjikidwe pazokha. Matumba a makilogalamu 50 musangowawerenga, ikani ena pasikelo, makamaka amene aoneka olefuka kapena osokedwanso ndi ulusi wosiyana. Chiwerengero chikhoza kukwana koma thumba lililonse litapungulidwa makilo awiri. Makatoni omatidwa tepi kawiri atsegulidwe dalaivala ali pomwepo.

Tsopano zolemba pa delivery note. Mawu oti "talandira koma sitinaone m'kati" sathandiza kwenikweni. Lembani zowerengeka, monga: olembedwa makatoni 120, afika 116, mwa amenewa 9 ndi onyowa, 3 ndi ong'ambika. Ikani tsiku ndi nthawi, lembani pa makope onse, osati panu pokha, ndipo dalaivala alembe dzina lake n'kusaina. Ena amakana poopa kudulidwa malipiro, ndipo mantha awowo ndi omveka. Musalimbane naye. Lembani kuti wakana kusaina, imbirani bwana wake iye ali pomwepo, n'kutumiza zithunzi ku ofesi kwawo ola lomwelo.

Chimene chimagwetsa ambiri pambuyo pake ndi masiku. Katundu wodzera panyanja amayendera malamulo amene atchulidwa kuseri kwa bill of lading, m'timalemba ting'onoting'ono tija. Ngati ndi malamulo a pakati pa mayiko otchedwa Hague kapena Hague-Visby, zowonongeka zoonekera muzinene polandira pomwepo, zobisika muzinene molemba pasanathe masiku 3, ndipo kusumira kukhoti kumatha pakatha chaka chimodzi. Ngati ndi a Hamburg a 1978, amene Malawi inawavomereza, zobisika zili ndi masiku 15 ndipo kusuma zaka 2. Poti simudziwa msanga kuti malamulo amene akukhudza katundu wanu ndi ati, gwirani a masiku 3. Vuto lathu ndi loti kampani ya sitima ikhoza kuwerenga masikuwo kuchokera pamene inapereka kontena ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ngati bill of lading ikuthera padoko, pamene inu kontenayo mukuiona patapita masabata. Nchifukwa chake agent wanu wa kudoko alembetse chilichonse chokayikitsa pa pepala lotulutsira kontena. Za pandege, pangano la Montreal la 1999, pamene likugwira ntchito, limapereka masiku 14 pa zowonongeka ndi 21 pa zochedwa. A malole amayendera zimene munagwirizana, ndipo masiku ake amakhala pa pepala lawo. Kalata yoyamba isadikire kuti muwerengetse ndalama. Ingonenani kuti katundu wa pepala nambala yakuti wafika chotere, udindo tikuuika pa inu, mtengo tidzatumiza. Itumizeni kwa onse amene anagwirako katunduyo, asankhane okha wolakwa.

Musayembekezere kuti wonyamula adzabweza mtengo wonse. Malamulo a Hague-Visby amamuikira malire: ma SDR 666.67 pa phukusi limodzi kapena ma SDR 2 pa kilogalamu, potengera chimene chakula. SDR ndi muyeso wa ndalama wa IMF. Injini ya chigayo yolemera makilogalamu 300 ili m'bokosi limodzi, mudzapatsidwa ma SDR 666.67 basi, ndalama zosafika ngakhale madola 1,000. Komanso onetsetsani kuti bill of lading yatchula chiwerengero cha makatoni ali m'kontena. Ikangoti kontena imodzi, kontena yonseyo imawerengedwa ngati phukusi limodzi. Kumbali ya msewu, makampani ambiri amalemba kuti owner's risk, kutanthauza kuti zikavuta ndi zanu. Mwini lole akakuuzani kuti ali ndi inshuwalansi, mufunseni ngati ndi ya galimoto kapena ya katundu, imene amati Goods in Transit, ndipo muone pepala lake ndi malire a ndalama pa ulendo umodzi.

Apa ndi pamene inshuwalansi yanuyanu imafunikira, koma nayo ili m'magulu atatu, Institute Cargo Clauses A, B ndi C. Gulu C ndi lotsika mtengo ndipo limalipira ngozi zikuluzikulu zokha: moto, kugundana, sitima kutitimira, lole kugubuduzika. Kuba ndi mvula mulibemo. Gulu B limawonjezera madzi a m'nyanja kapena mumtsinje, koma kuba mulibebe. Kwa ife amene katundu wathu amayenda masiku pamsewu n'kugona m'maboda, ndimaona kuti A yekha ndiye woyenera ndalama zanu. Chenjerani mukagula pa mtengo wa CIF, wophatikiza katundu, inshuwalansi ndi mayendedwe a panyanja: wogulitsa amakakamizidwa kugula C yekha, pokhapokha mutapangana zina. Ngakhale A salipira ngati kulongedza kunali kosakwanira, ngati katundu anawonongeka mwachibadwa chake, kapena chifukwa chochedwa. Ndipo chitetezo chimatha pakadutsa masiku 60 kuchokera pamene katundu watsitsidwa m'sitima, ngakhale asanafike ku Zomba. Kontena ikakakamira padoko podikira ndalama zakunja kapena mapepala, pemphani kuti akuwonjezereni masiku asanathe.

Mukadziwitsa a inshuwalansi, katundu wowonongekayo musamutaye, musamugulitse, ngakhale makatoni ake, kufikira surveyor atamuona. Koma musamusiyenso kuti apitirire kuwonongeka, chifukwa zowonjezerekazo sakulipirani. Patulani zouma, yanikani zoyanikika, malata onyowa muwasiyanitse asanachite mawanga oyera, ndipo malisiti a aganyu ndi malo osungira muwasunge, amalowa mu claim, pempho lanu loti akulipireni.

Mu fayilo mukhale invoice, packing list, bill of lading kapena waybill (pepala la wonyamula katundu), delivery note yolembedwa ija, satifiketi ya inshuwalansi, mapepala a MRA, zithunzi, makalata amene munalembera onyamula ndi mayankho awo, ndi lipoti la surveyor. Ngati kwabedwa kapena lole inachita ngozi, pafunika lipoti la apolisi a dera limene zinachitikira, osati a kuno chifukwa choti ndi apafupi. Katundu akasoweratu, kakamizani wonyamula alembe kalata yovomera kuti sanamupereke. Malonjezo a pafoni oti tikufufuzabe amangodya masiku anu. Ndipo amene amachepetsa mtengo pa invoice kuti msonkho utsike adziwe kuti claim idzawerengeredwa pa invoice yomweyo. Mwachizolowezi inshuwalansi imaikidwa pa mtengo wa katundu ndi mayendedwe, kuwonjezerapo 10 peresenti, ndipo polipira amachotsa excess, gawo limene mumalipira nokha, monga zalembedwera pa pangano lanu la inshuwalansi.

Ena akapsa mtima amakana kulipira lole. Zimaoneka zachilungamo, koma mapangano ambiri salola kudula nokha, ndipo wonyamula akhoza kugwira katundu wanu wina mpaka mutalipira. Musasainenso pepala loti nkhani yatha ndi wonyamula musanafunse a inshuwalansi, chifukwa iwo akakulipirani amakatenga ndalama zawo kwa wonyamulayo, ndipo mukawatsekera njira akhoza kukudulani.

Nanga mabelo a kaunjika ndi makatoni a sopo amene timakweza pa minibasi kapena pa kalole ka matola ku Limbe? Apa palibe waybill, ndiye pangani yanu: pakapepala lembani nambala ya galimoto, dzina la dalaivala, chiwerengero ndi mtengo wa katundu, asaine, mujambule, mutumize kwa wolandira ku Chinamwali kapena ku Mpondabwino. Kapepalako ndi kamene mudzaonetse kwa tcheyamani wa pa siteji kapena kukhoti la majisitireti. Kampani ya inshuwalansi ikakana claim, ipempheni ilembe chifukwa chake potchula ndime ya pangano la inshuwalansi, ndipo ngati simukukhutira, dandaulo lipite kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, pamodzi ndi kope la fayilo yonse.