Kope langa lakuda ndi mawu akuti "Mulungu akalola"

Kwa zaka zambiri ndinkati ndikamakamba za mawa ndinkamaliza ndi mawu akuti "Mulungu akalola", ndipo aliyense wondimva akanati uyu ndiye munthu wodalira Ambuye. Zoona zake n'zakuti mawuwo ndinkangowatchula ngati mmene munthu amanenera "zikomo" podutsa pakati pa anthu, pamene mtima wanga unali utatsamira pa kope lakuda limene ndimasunga m'kabati ya m'sitolo yanga ku Limbe. M'kopemo ndimalembamo zonse: mawaya, masoketi ndi mababu amene ndaoda, msonkho wolipira pachipata cha Mwanza, lendi, malipiro a mnyamata wondithandiza, ndiponso phindu limene ndikuyembekezera. Ndinkanyadira kuti masamu anga saphonya, moti mnzanga wa bizinesi akagwa ndinkamupepesa ndi pakamwa, koma mumtima ndinkati wagwa chifukwa cha ulesi wolemba.

Mu November 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi, imene kubanki inali pafupifupi K1,180, inafika pa K1,700. Mwezi wa October ndinali nditatenga katundu wambiri pa ngongole kwa munthu wina wa ku Johannesburg, ndipo theka la katunduyo ndinali nditagulitsa kale pa mtengo wakale. Usiku umene nkhaniyi inalengezedwa ndinakhala patebulo mpaka atambala, kuwerengera ndi kuwerengeranso, koma ulendo uliwonse yankho linkabwera lomwelo: ndalama zimene ndinali nazo sizikanakwana kubweza ngongoleyo, ndiye phindu sitinena n'komwe. M'kopemo munalibe cholakwika ngakhale chimodzi, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa kwambiri.

Zimene ndinachita pambuyo pake ndimachita nazo manyazi kuposa kuluza ndalamako. Ndinayamba kusala kudya, ndipo Loweruka lililonse m'mamawa ndinkakwera phiri la Soche kukapemphera, kudutsa m'malo amene zipsera za namondwe Freddy zinali zikuonekabe, kumene mu March chaka chomwecho matope ndi miyala zinakwirira mabanja ku Chilobwe. Zimenezo zinayenera kundichepetsa, poona kuti ine ndinangotaya ndalama pamene ena anataya ana, koma maganizo anga anali kwina. Kumapeto kwa kope lomwe lija ndinatsegula tsamba latsopano n'kumalembapo masiku amene ndasala, maola amene ndapemphera ndi chakhumi chimene ndapereka, ngati kuti ndikusonkhanitsa malisiti okaonetsa kwa Mulungu kuti tsopano yafika nthawi yake yolipira.

Amene anandigwira ndi azakhali anga a ku Ndirande, mayi wa Mvano amene sukulu anailekera pa Sitandade 4. Tsiku lina Lachinayi anadzera kusitolo akuchokera kumapemphero, yunifolomu ili m'thupi, ndipo ndinawaonetsa tsamba lija ndikuganiza kuti andiyamikira. Anaika magalasi, n'kuyang'ana mizere yanga kwa kanthawi, kenako anatseka kopelo mofatsa.

"Mwana wa achimwene, kodi mmenemu Mulungu ali pati?" anandifunsa. "Ine ndikungoona iwe wekhawekha. Kale unkadalira masamu ako, lero ukudalira njala yako."

Ndinayankha kuti, "Koma azakhali, si inu nomwe munatiphunzitsa kupemphera?" Iwo anati anatiphunzitsa kupempha, sanatiphunzitse kulipiritsa, ndipo ananyamula chikwama chawo n'kupita kukakwera minibasi.

Mawu amenewo anandipweteka kwa masabata angapo chifukwa anali oona. Munthu akhoza kudzidalira ali m'tchalitchi, atagwada, maso ali chitsinzinire, ndipo kudzidalira kwa mtundu umenewu n'kovuta kukuzindikira chifukwa kumavala zovala za chikhulupiriro. Petro sanali munthu wosapemphera pamene anauza Yesu kuti ngakhale ena onse atamuthawa iye sadzatero. Ankanena zochokera pansi pa mtima, koma chimene ankakhulupirira chinali kulimba mtima kwa Petro, ndipo kunatha usiku womwewo pamaso pa mdzakazi, tambala asanalire. Pa Miyambo 3:5, vesi limene ambirife tinaloweza ku Sande sukulu, akutiuza kuti tikhulupirire Yehova ndi mtima wonse, tisatsamire pa luntha lathu. Nkhani yagona pa kutsamirako. Vesilo silikuti luntha ndi loipa, koma kuti si mzati woti n'kusenza denga la moyo wa munthu.

Ndime imene inandithandiza koposa ndi 2 Akorinto 1:8-9, pamene Paulo akufotokoza za masautso amene anawagwera ku Asiya, aakulu kuposa mphamvu zawo, mpaka anataya chiyembekezo choti akhala ndi moyo. Iye akuti zimenezo zinachitika kuti asadzidalire okha, koma adalire Mulungu amene amaukitsa akufa. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti wolemba mawuwa anali kale mtumwi, atayambitsa mipingo m'mizinda yambiri, koma ankafunikabe kuphunzitsidwa phunziro limeneli. Ngati Paulo sanalimalize pa tsiku limene anatembenuka mtima panjira ya ku Damasiko, ine wogulitsa mababu ndinalibe chifukwa choganizira kuti ndinalimaliza pa tsiku la ubatizo.

Pano ndiyenera kunenapo za chiphunzitso china chimene chafala mumzinda muno, chakuti wodalira Mulungu sawerengera, amangofesa mbewu kwa mneneri n'kudikira chozizwitsa. Ine sindigwirizana nacho, ndipo ndaona anthu akugulitsa mpamba wawo wonse chifukwa cha chimenechi. Nehemiya pomanga linga la Yerusalemu anapemphera, komanso anaika alonda usana ndi usiku. Yakobo, pa mutu 4, sakudzudzula amalonda chifukwa chokonza ulendo wokachita malonda kwa chaka, koma chifukwa cholankhula ngati mawa ali m'thumba mwawo, pamene moyo wawo ndi nthunzi yooneka kanthawi. Akuti azinena kuti "Ambuye akalola", mawu omwe aja amene ine ndinawasandutsa moni.

Chinthu choyamba chimene ndinachita nditamvetsa zimenezi sichinaoneke chauzimu ngakhale pang'ono. Ndinaimbira foni mwini katundu uja, amene ndinali ndikumuzemba kwa mwezi wathunthu, n'kumuuza zoona zokhazokha, kuti ndalama yonse ndilibe ndipo ndikupempha kuti ndizibweza pang'onopang'ono. Kenako ndinauza mkazi wanga kukula kwenikweni kwa ngongoleyo, chifukwa ndinkamubisira poganiza kuti mwamuna weniweni amathana nazo yekha, kuiwala kuti Nzeruzayekha anaviika nsima m'madzi. Panalibe envelopu imene inagwa kuchokera kumwamba. Tinasamuka m'nyumba ya lendi yodula n'kupita ku Bangwe, galimoto tinagulitsa, ndipo ngongoleyo inatenga nthawi yoposa chaka kuti ithe. Chimene chinasintha msanga ndi tulo, chifukwa ndinasiya kudzuka pakati pa usiku kukayang'ana kope ngati kuti dziko ligwa ndikapanda kulilondera.

Kope lija ndikadali nalo, ndipo ndimalembamo madzulo aliwonse ndikatseka sitolo. Tsamba la masiku osala kudya sindinalithothole. Mwezi watha azakhali anabweranso kudzagula babu la kukhitchini kwawo, ndipo ataona kopelo pakauntala anafunsa ngati ndikumulemberabe Mulungu ngongole. Ndinawauza kuti akaunti imeneyo ndinaitseka. Anaseka, n'kuumirira kulipira babulo mtengo wake wonse, ndipo sanachoke mpaka nditalemba m'kopemo iwo akuona.