Tinsomba tanga ta nyambo tasiya kufa usiku

Abale, lero m'mawa ndatsegula cooler box mtima uli m'mwamba ngati masiku onse, kuwerenga, tiwiri tokha ndi tomwe tafa. Tiwiri basi! Pa tinsomba pafupifupi 40 tomwe ndinagula Lachitatu. Ndinangokhala pansi pa masitepe a mu galaja muja, kuzizira konse kuja, ndikuseka ndekha ngati zandizungulira, chifukwa nyengo yozizira yatha ija yonse kuphatikiza theka la inoyi ndakhala ndikupha tinsomba ndi manja angawa kwinaku ndikudziona ngati katswiri wosamala ziweto.

Ndili kuno ku Minnesota chaka chachiwiri tsopano, maphunziro ake omwe aja a nsomba ndi madzi. Januwale kuno nyanja zimauma pamwamba mpaka anthu kuyendetsapo magalimoto, munthu amaboola dzenje pa ayezi ndi chobowolera chotchedwa auger n'kukhala pa ndowa tsiku lonse kudikira nsomba za kuno monga walleye kapena crappie. Ine mwana wa ku Nkhotakota poyamba ndinakanitsitsa kupondapo, anachita kundiyezera pamaso panga kuti ayeziyo wadutsa mainchesi 4 omwe amati ndi okwanira munthu woyenda pansi. Pano ndine amene ndimadzutsa anzanga 5 koloko. Koma nkhani si imeneyo.

Nkhani ndi nyambo. Kwathu usipa ukangotuluka m'madzi wafa kale, timaukoleka choncho pa mbedza ndipo kampango safunsa kuti wafa liti. Kuno pansi pa ayezi nsomba zimachita ulesi, sizithamangitsa chakudya, zimafuna kanthu kamoyo kogwedeza mchira pafupi ndi mphuno. Nsomba yolusa yotchedwa pike yokha ndi imene imalandira ngakhale zakufa, ija ndi fisi. Ndiye umagula tinsomba tamoyo totchedwa ma minnow ku shopu ya nyambo, amakutungira ndi kaukonde, scoop imodzi ya mtundu wotchedwa fathead mu jumbo ya madzi, ndipo ntchito yako ndi kuti afike pa nyanja ali moyo.

Ine ndinkagula Lachisanu madzulo. Kufika ku nyumba kukhuthulira mu ndowa, ndowayo ku khitchini chifukwa ndimamva chisoni kuti panja tizizidwa, tangomvani zimenezo, nsomba za m'madzi a ayezi ine kumazimvera chisoni ndi kuzizira. Kenako pampu ya mpweya fulu, thovu mpaka kudontha pansi. M'mawa theka mimba zili m'mwamba. Mutu wanga unali pa chinthu chimodzi, okosijeni, okosijeni, moti ndinakagula pampu ina ya mapaipi awiri ndi ndalama yomwe ikanakhala ya ndiwo za sabata. Tinafabe, mwinanso kuposa kale.

Chomwe chanditsegula m'maso ndi ammonia, ndipo manyazi ake ndi oti tebulo lake losonyeza nthawi imene amasanduka poizoni ndinaliloweza kalekale ndili kumudzi, ndinakhoza nalo mayeso, koma silinakhalepo ndi tanthauzo. Za nitrogen cycle, momwe mabakiteriya amasinthira ammonia kukhala zinthu zina, sindibwereza, amene munadutsa chaka choyamba cha maphunziro a nsomba mukuzidziwa. Tingoyambira poti nsomba imatulutsa ammonia makamaka kudzera m'ma gills, ziwalo zopumira zija za m'mbali mwa mutu, osati kumbuyo kokha monga ambiri amaganizira, ndipo imatulutsabe ngakhale usaipatse chakudya. M'madzimo ammonia ameneyu amakhala pawiri, NH4+ amene savuta kwenikweni ndi NH3 amene amalowa m'thupi mwa nsomba mosavuta n'kuipha. Timakiti tambiri toyezera tija timangokupatsa zonse pamodzi. Chimene chimagawa kuti wakupha akhale wochuluka bwanji ndi pH, muyeso wa asidi m'madzi womwe umatsika asidi akachuluka, ndi kutentha kwa madzi. Pa madigiri 5 a Celsius, pH ili 7, NH3 imangopitirira pang'ono 0.1 peresenti ya ammonia yense. pH ikafika 8 pa kuzizira komweko ndi 1.2 peresenti, yachuluka ka 10. Ukatenthetsa madziwo kufika madigiri 20, pH ili 8 yomweyo, ili pafupi ndi 4 peresenti. Ndiye kuchoka pa 0.125 kufika pa 3.8, ammonia wake yemweyo, osawonjezera ngakhale dontho, poizoni wachuluka ka 30.

Pamene panandigwetsa ulesi ndi apa. Mu jumbo yomanga ija tinsomba tikupuma, CO2, mpweya woipa wotuluka popuma, ikudzadzana, ndipo CO2 m'madzi imatsitsa pH. Ndiye kuti madzi oipa aja, onunkha aja, ali ndi kachitetezo kake, ammonia yense wakhala phee ngati NH4+ chifukwa pH ili pansi. Ine ndikubwera ndi chikondi changa, kumasula jumbo, kukhuthula madzi omwewo mu ndowa, kuyatsa pampu fulu. Thovu lija likuthamangitsa CO2, pH ikukwera kubwerera komwe madzi a kuno amakonda kukhala, poti ambiri ndi a laimu wambiri, cha m'ma 8 mmenemo. Pa nthawi yomweyo hita ya m'nyumba ikukweza madzi kuchoka kozizira kupita ku 20. Ine ndi amene ndimamasula galu pa tcheni. Pampu ija siyichotsa ammonia ayi, imangomusintha nkhope. Ndipo mu ndowa ya dzulodzulo mulibe mabakiteriya odya ammonia, amenewo amatenga masabata kuti akhazikike, m'madzi ozizira ndiye amachita kugoneratu.

Ndinazigwira bwanji? Tinali ndi asayimenti ya water chemistry yowerengera NH3 ya dziwe longopeka, ndatopa nayo cha m'ma 11 usiku, ndowa ikubwata thovu pambali panga. Ndinangoti tiyeni tiyeze madzi enieni m'malo mwa opekawa. Kutunga a mu jumbo omwe anatsalira pansi, pH ili cha pa 7. Kutunga a mu ndowa omwe apopedwa maola atatu, yadutsa 8. Ammonia pa kakiti mtundu ndi womwewo konse kuwiri. Ndinayang'ana timabotolo tiwirito nthawi yaitali zedi. Zaka zonsezi ndimaganiza kuti funso ndi lakuti ammonia alipo wochuluka bwanji, pamene funso ndi lakuti ammonia ali m'madzi otani.

Ndiye kutentha kuja kumamenya katatu. Kumakweza NH3 monga ndanena. Kumathamangitsa thupi la nsomba, madigiri 10 aliwonse imapuma ndi kutulutsa zoipa pafupifupi kawiri kuposa poyamba. Komanso madzi ofunda sasunga mpweya wambiri, pa 0 amafika mamiligalamu 14.6 pa lita pomwe pa 20 ndi 9 basi. Khitchini yanga inali ng'anjo ndithu. Bambo wina wachikulire wa pa shopu ya nyambo anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti mwana iwe tisunge pozizira, mawu ake okhawo, ine ndi sukulu yangayi ndinaona ngati ndi zonena za anthu okalamba, sindinafunse n'komwe kuti chifukwa chiyani. Safunsa anadya phula, ine ndinadya la madola ambirimbiri.

Chomwe chikundiwawa kwambiri si tinsomba ta kunoti. Ndakumbukira nthawi ya attachment kumudzi tikunyamula mbewu ya makumba ndi chilunguni m'majumbo a okosijeni kupita kwa alimi a maiwe. Maola angapo pa lole, kufika, majumbo ali bwinobwino tinsomba tikusambira, timamasula n'kukhuthulira mu beseni ndi madzi ake omwewo padzuwa, wina akuvundula ndi dzanja kuti mpweya ulowe, ife tikudikira a komiti asonkhane ayambe ndi pemphero ndi malonje. Pakutha pa ola tayamba kuyandama. Aliyense amati tatopa ndi ulendo, ndipo ine ndinalemba choncho mu lipoti, kutopa ndi ulendo, ndipo anandichongera. Madzi a kwathu ndi ofunda kale, ndiye tangoganizani. Mayi wina anali atagulitsa nkhuku zake kuti alipire mbewu imeneyo.

Aphunzitsi nawo, pepani, koma ndinene. Amene anatiphunzitsa tebulo lija anangolemba equation pa bolodi, pKa chakutichakuti, kopelani, zibwera pa mayeso. Palibe tsiku limodzi lomwe anabwera ndi jumbo ya nsomba m'kalasi n'kuti yezani pH musanamasule, yezaninso mutavundula. Mphindi 20 zokha zikanakwana! Kuno nakonso musaganize kuti ndi kumwamba, ma slide 60 pa ola limodzi, ukakweza dzanja akuti tikambirana ku office hours, office hours yake ikugundana ndi shifiti yanga ya ku labu yotsuka matanki. Semesita ikuthamanga ngati minibasi ya ku Area 25 madzulo, ukuphunzira zinthu kuti upereke Lachisanu osati kuti uzidziwe. Nthawi yokhala pansi ndi kuyang'ana timabotolo tiwiri palibe amene amakupatsa, umachita kuba pa tulo.

Njira yomwe ndikuchita pano ndiyo ndikuti ndi mapeto a zonse, amene akufuna atsutse. Zigubu ziwiri basi. Tinsomba mu cooler box ya malita 20 mu galaja, momwe madzi amakhala pa madigiri 3 mpaka 5 osauma. Pambali pake penipeni chigubu cha madzi oyera chomwe chagona pamenepo, kuti kuzizira kwake kukhale kofanana ndendende. Ndikafika kuchokera ku shopu jumbo ija ndimaiyandamitsa mu cooler osamasula mphindi 20 kapena 30 kuti kutentha kufanane, kenako ndimasefa tinsombato ndi kaukonde, madzi a mu jumbo onse kutaya, osalola ngakhale kapu imodzi kulowa. Tsiku lililonse kuchotsa gawo limodzi mwa magawo atatu, kuthira a m'chigubu, kudzadzanso chigubu kuti chigonere mawa. Chakudya ayi, m'madzi ozizira choncho timatha masiku osadya ndipo chakudya ndi ammonia wina. Kakafa kamodzi kuchotsa pompo. Manja osalowetsamo. Pampu ikuyakabe koma pang'onopang'ono, yaikulu ija ili mu kabati. Anthu akugula ma bait station odula a mabatire ochajitsa, ine ndikuti chigubu cha mafuta ophikira chotsuka bwino chikuwaposa onsewo, ndipo ndikadzabwerera kumudzi nkhani ya chigubu chachiwiri ndidzayilalikira mpaka anthu adzatope nane.

Chenjezo limodzi pa madzi a m'chigubumo. A pampopi m'mizinda yambiri kuno amathira chloramine osati chlorine wamba, ndipo ameneyu sauluka ukagoneka madzi usiku ngati timachitira kwathu. Choseketsa n'choti chloramine ndi chlorine womangidwa ndi ammonia, ndiye ukathira mankhwala ongochotsa chlorine okha, ammonia uja amatsala m'madzi, wabwerera pomwe unayambira. Pamafunika aja olembedwa kuti amamanganso ammonia. Ine ndimakatunga a pa chitsime kwa mnzanga amene amakhala kunja kwa tawuni, n'kuwapopa kaye usiku umodzi chifukwa a pansi pa nthaka amabwera opanda mpweya wokwanira.

Pa nyanja pamene zovuta zake ndi zina, ndowa kuuma pamwamba, kapaipi ka pampu kutsekeka ndi ayezi mkati, umangoona thovu lasiya. Ndimaika ndowa mkati mwa tenti koma kutali ndi hita, ndipo ndimathiramo madzi a pa dzenje pang'onopang'ono kuti kansomba kasadzidzimuke pokalowa pansi. Totsala osakhuthulira mu dzenje chonde, ku Minnesota ndi mlandu kutaya nyambo yamoyo m'nyanja, amaopa matenda a nsomba ngati VHS ndi zamoyo zachilendo zomwe zawononga kale nyanja zambiri. Kapena ubwerere nato kunyumba kapena mu bini.

Komabe pali pena pomwe sipakundikhalira bwino. Ndasintha zinthu zinayi nthawi imodzi, kuzizira, kutaya madzi a mu jumbo, madzi a pa chitsime, kuchepetsa pampu. Supavaiza wanga atamva angandifunse kuti control, ndowa yoyerekezera yosasinthidwa kanthu, ili kuti, ndipo ndilibe poyankha. Mwina ndi kuzizira kokha komwe kwagwira ntchito, bambo wa pa shopu uja anali atamaliza kale nkhani yonse, ndipo za pH zangazi ndi nthano yokoma yomwe ndikudzisangalatsa nayo. Fathead ndi kansomba kolimba kale, kamapirira ngakhale m'madambo momwe zina zimafa. Sabata yatha ndinayesa ma shiner, mtundu wina wa tinsomba ta nyambo, mu cooler yomweyo, njira yomweyo, tsiku lachitatu anayamba kusupuka mamba ndi kufa mmodzimmodzi madzi ali bwinobwino pa kakiti. Ena akuti ndithire kamchere pang'ono, magalamu awiri kapena atatu pa lita, kuti thupi lisataye mchere wake likapanikizika, zomveka ndithu pa pepala, koma ndikuopa kuwonjezera chachisanu ndisanadziwe kuti mwa zinayi zija chagwira ndi chiti. Ndikuganiza zogula scoop imodzi ndigawe mu ndowa zitatu, ina pozizira ndi madzi a mu jumbo, ina pozizira ndi madzi atsopano, inayo ku khitchini, koma ya ku khitchiniyo ndikudziwa kale mathero ake ndipo mtima sukulola. Mayeso a limnology, phunziro la nyanja ndi mitsinje, ali Lachiwiri, sindinatsegule n'komwe chaputala cha ma lake turnover. Kaya, mwina ikatha sabata ya mawa, ngati ayezi akhale adakalipo.