Ndinapita kuchipatala ndisakudwala: mmene ndinayezetsera thupi ndi kupitiriza katemera

Funso loyamba limene munthu amafunsidwa kuchipatala ndi lakuti, "Mukumva chiyani?" Ukayankha kuti palibe chikupweteka, wangobwera kudzayezetsa, ena pamzere amakucheukira. Komatu matenda amene ndinkafuna kufufuza ndi omwe aja sapweteka poyamba: kuthamanga kwa magazi, shuga, khansa ya khomo la chiberekero ndi matenda a chiwindi. Amakhala zaka ali phee, munthu akugwira ntchito bwinobwino, mpaka tsiku lina amve kuti impso zawonongeka kapena mbali imodzi ya thupi yafa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi theka la akuluakulu amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi sadziwa n'komwe kuti ali nalo. Nditadutsa zaka 40 sindinafune kukhala m'gulu limenelo.

Ntchito inayambira kunyumba. Ndinafunsa abale akuluakulu kuti pamtundu pathu ndani anadwalapo shuga, BP, sitiroko kapena khansa, ndiponso anali ndi zaka zingati pamene zinayamba. Zaka zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa mayi amene anapezeka ndi khansa ya m'mawere ali wachitsikana amapangitsa kuti ana ake aakazi ayambe kuyezedwa msanga kuposa anzawo. Ndinafukulanso mabuku anga akale a kuchipatala, ngakhale a kusikelo othothoka mapepala aja, poti m'menemo ndi mmene munalembedwa majekeseni amene ndinabayidwa ndili woyembekezera. Pomaliza ndinalemba mankhwala onse amene ndimamwa, kuphatikizapo opha ululu ongogula ndekha. Ndinali nditauzidwa kuti poyeza shuga ndibwere ndisanadye kwa maola 8, choncho m'mawa ndinangomwa madzi basi.

Atandiyeza sikelo, msinkhu ndi kukula kwa mchiuno, ananditumiza kwa a nesi a BP. Apa ndi pamene ndinaona kuti kuyeza kwenikweni kumafuna chifatse. Anandifunsa ngati ndamwa khofi kapena kusuta m'mphindi 30 zapitazo, n'kundiuza kuti ngati ndili ndi mkodzo ndiyambe ndakataya. Kenako anati, "Mayi, tsamirani kumpando, mapazi onse pansi, musapingase miyendo. Tidikire mphindi zisanu." Mkono anauyala patebulo kuti ukhale molingana ndi mtima, lamba woyezera anamukulunga pakhungu osati pamwamba pa malaya, ndipo atandiona ndikufuna kuyamba nkhani anandikweza chala kuti ndikhale chete. Kuyankhula, kulendewetsa mkono ndi lamba wothina kwambiri, zonsezi zimakweza manambala.

Makina anaonetsa 146 pamwamba, 92 pansi. Mtima unagunda, chifukwa ndinkadziwa kuti malire ndi 140 ndi 90. Koma sanandilembere mankhwala tsiku limenelo. Anandifotokozera kuti munthu satchedwa wa BP ndi kuyeza kwa tsiku limodzi: manambala ayenera kukhala okwera pa masiku awiri osiyana, poti ena magazi amawathamanga chifukwa chongoona yunifolomu yoyera. Nditabwererako tsiku lina anali 134 ndi 86. Sindinafike pomwa mankhwala, koma ndili pafupi ndi malire, ndiye anandiuza kuti mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, omwe ndi pafupifupi sipuni imodzi yaing'ono, komanso ndizichita zolimbitsa thupi zosachepera mphindi 150 pa sabata ndi kumabwera kudzayezetsanso.

Za shuga zinatha msanga. Anandibaya chala, kadontho ka magazi pa kapepala, manambala n'kutuluka. Munthu asanadye, 7.0 mmol/L kapena kuposa ndiye chizindikiro cha matenda a shuga, ndipo ngati alibe zizindikiro zina amamuyezanso kuti atsimikize. Pali njira inanso, ya HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira kwa miyezi iwiri kapena itatu ndipo sifuna kusala kudya. Malire ake ndi 6.5 peresenti. Anga anali bwino. HIV ndinayezetsanso pomwepo, popeza zotsatira zake zimasintha ndondomeko ya zinthu zina, makamaka chimene chinali kutsogoloku.

Chipinda cha khomo la chiberekero ndi chimene amayi ambiri timachizemba, ndipo ndikumvetsa. Kuvula pamaso pa munthu wachilendo iwe usakudwala si chinthu chapafupi. Koma khansa imeneyi ndi imodzi mwa zochepa zimene zingagwidwe zisanasanduke khansa n'komwe. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, kofala pogonana, kamene anthu ambiri amakatenga nthawi ina m'moyo ndipo thupi limakachotsa lokha. Kwa ena kamakakamira, n'kumasintha pang'onopang'ono khungu la pakhomo la chiberekero, ndipo pamatha zaka 15 mpaka 20 kuti pafike khansa. Kwa mayi amene chitetezo chake chatsika nthawiyi imafupika. N'chifukwa chake malangizo a WHO a mu 2021 amati kuyeza HPV kuyambe pa zaka 30 ndipo kuzibwerezedwa pakapita zaka 5 mpaka 10, pamene mayi amene ali ndi HIV ayambe pa zaka 25 ndi kumabwereza pakapita zaka 3 mpaka 5.

A nesi anandionetsa njira ziwiri. Yoyamba ndi ya kamtengo ka thonje kotengera timadzi tokayeza HPV, kamene m'zipatala zina mayi amaloledwa kulowetsa yekha kuseri kwa katani. Yachiwiri ndi ya viniga, imene imatchedwa VIA. Ine ndinachita yachiwiriyi poti ndi imene inalipo tsikulo. Anayamba andionetsa kachitsulo kotsegulira njira, n'kundiuza kuti kazizira pang'ono ndipo ndipume mokoka mpweya. Anapaka viniga pakhomopo, n'kudikira mphindi imodzi akuyang'ana ndi nyali. Pamalo podwala pamatuluka kachigamba koyera. Kupweteka ayi, kumangonyerenyetsa pang'ono. Anandiuza pomwepo kuti palibe chaoneka, ndibwerenso pakapita zaka zitatu. Ndinafunsabe kuti akanapeza chigamba akanatani. Anati chikakhala chaching'ono amachiwotcha ndi kachipangizo kotentha kapena kuchiumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri, nthawi zambiri tsiku lomwelo, munthu n'kubwerera kwawo ndi miyendo yake.

Kwa a dokotala ndinapempha kuti, poti ndabwera kale, angondiunika thupi lonse. Anakana mwaulemu, ndipo chifukwa chawo ndinachimva. Kuyeza kulikonse nthawi zina kumaloza matenda pamene palibe, munthu n'kulowa m'mantha ndi m'maopaleshoni osafunika. Choncho malangizo amasankha: kuyeza kwakuti, pa msinkhu wakuti, kwa anthu akuti. Kujambula mawere mayiko ambiri amayamba pa zaka 50, ena pa zaka 40. Kuyeza khansa ya m'matumbo amayamba pa zaka 45 kapena 50. Anandipima mawere ndi manja, n'kunditsindikira kuti chotupa, magazi otuluka pa nthawi yosayenera kapena kuwonda kosadziwika bwino sizidikira msinkhu. Zikaoneka, upite msanga.

Kenako katemera. Ambirife timaganiza kuti katemera ndi nkhani ya ana, ndipo tikakula timaiwala. Mabuku akale aja apa ndi pamene anagwira ntchito. A nesi anawerenga majekeseni a kafumbata amene ndinabayidwa ndili woyembekezera, napeza atatu. Munthu wamkulu amene sanabayidwe ali mwana, kapena alibe umboni wake, amafunika asanu: wachiwiri pakapita masabata 4, wachitatu pakapita miyezi 6, wachinayi pakapita chaka, wachisanu pakapitanso chaka china. Ndinkaopa kuti poti papita zaka zambiri andiyambitsanso, koma anati, "Ayi mayi, katemera sayambidwanso. Timapitiriza pamene munalekera." Thupi limakumbukira. Anandibaya wachinayi pamkono wamanzere.

Wa hepatitis B, matenda a chiwindi oyamba ndi kachilombo, anayamba ayeza magazi, chifukwa kwa munthu amene ali nako kale kachilomboko katemera sathandiza. Chimene amafunika ndi kumuyang'anira chiwindi. Ine ndinalibe, choncho ndinayamba ndondomeko ya majekeseni atatu: tsiku loyamba, pakapita mwezi, ndi pa mwezi wachisanu ndi chimodzi. Anandibaya kumanja tsiku lomwelo, poti akatemera awiriwa sasokonezana. Ndinakhala pabenchi mphindi 15 kuti aone ngati thupi silikudana nawo. Usiku mikono inalemera ndipo thupi linatentha pang'ono, koma sizinachedwe kutha.

Tili pomwepo anandifunsa ngati ndili ndi mwana wamkazi. Katemera wa HPV amaperekedwa makamaka kwa atsikana a zaka 9 mpaka 14, asanakumane ndi kachilomboko, ndipo amateteza ku mitundu iwiri ya kachilomboka, yotchedwa 16 ndi 18, imene imayambitsa pafupifupi 70 peresenti ya khansa ya khomo la chiberekero. Kuyambira mu 2022 WHO inavomereza kuti jekeseni imodzi ikhoza kukwanira kwa atsikana ambiri, ngakhale amene ali ndi HIV amafunika yoposa imodzi. Mphekesera zoti katemerayu amatseka kubereka zimandipweteka mtima, chifukwa zilibe umboni, pamene khansayo ndi imene imalandadi amayi chiberekero ndi moyo womwe. Mwana wanga ndinamuperekeza ndekha kukabayitsa.

Ndisanatuluke ndinapempha kuti m'buku mwanga alembe manambala enieni, osangoti "zili bwino", kuti amene adzandiyeze ulendo wina adzakhale ndi poyerekezera. Ndinapemphanso kuti tsiku lobwerera la chinthu chilichonse lilembedwe, ndipo masikuwo ndinawaika mufoni kuti izindikumbutsa. Wachiwiri wa hepatitis B ndinabayitsa kale. Kwatsala wachitatu, wachisanu wa kafumbata chaka chamawa, ndi BP imene ndimayezetsa nthawi iliyonse ndikapita kukabayitsa.