Matte box ndi follow focus, koma yambani mwaona ma rod

Anyamata ambiri ojambula maukwati ndi mavidiyo a makwaya kuno ku Salima akangogula kamera ya Blackmagic chomwe amathamangira ndi matte box, poti kamera ikavala chibokosi chakuda kutsogoloku kasitomala amaona ngati kwabwera akanema enieni. Sindikukana, pokambirana mtengo zimathandizadi kkkk. Koma matte box, bokosi lotchingira kuwala ndi kugwira mafyuluta, ndi follow focus, chida chotembenuzira fokasi ya lenzi, zonse zimakhala pa ma rod, tindodo tiwiri todutsa pansi pa lenzi, nde ma rodwo akakhala olakwika palibe chomwe chingakhale bwino pamwambapo.

Makamera ang'onoang'ono ngati athuwa amayendera ma rod awiri a 15mm, otalikirana 60mm, ndipo kuchoka pakati pa ma rod kufika pakati penipeni pa lenzi pamayenera kukhala 85mm. Opanga matte box amatsatira 85 yomweyo. Kamera ikangokwera kapena kutsika pang'ono pa baseplate, kachitsulo kokhalapo kamera komwe kamagwira ma rod, bowo la matte box silikumana ndi lenzi, chithunzi chimayamba kuda m'makona makamaka mukatsegula wide, munthu nkumatukwana lenzi yosalakwa. Nde pogula baseplate, kaya ya SmallRig kaya ya Tilta, tengani yoti imakwezeka ndi kutsitsika. Aliponso ma rod a 19mm otalikirana 104mm koma amenewo ndi a makamera akuluakulu ndi malenzi olemera, musatayirepo ndalama.

Pomanga ine ndimayamba kamera pa baseplate, kenako lenzi, kenako follow focus, matte box pomalizira, chifukwa zonse zimalowera kutsogolo kwa ma rod ndipo mukayamba ndi bokosi mudzalichotsanso basi.

Follow focus ili ndi kagiya ka mano a 0.8, ndipo malenzi a kanema monga a Rokinon kapena Samyang amabwera ali ndi mano omwewo kale, mumangosendeza kagiyako mpaka mano alumane nkumanga. Apa ndi pomwe ambiri amaononga, amakankha mwamphamvu kuti zigwirane kwambiri, mapeto ake giya imakankha lenzi yonse ndipo mukatembenuza chogwirira kubwerera chithunzi chimadumpha. Mano angolumana basi, osapanikiza. Lenzi ikakhala yaitali ikani kothandizira pansi pake pa ma rod omwewo.

Malenzi a zithunzi wamba alibe mano, mumawaveka kalamba ka mano pa ring ya fokasi. Zimatheka ndithu koma onani kaye lenzi yanu. Malenzi a Canon olembedwa STM ring yake imangozungulira osafika polekezera, fokasi imayendetsedwa ndi kamota mkati, nde mukalemba zizindikiro pa kambale koyera ka follow focus, mukabwerera pa chizindikiro chomwecho fokasi ili kwina. Pamenepo mwangotaya ndalama aise. A Nikon nawo amazungulira mosemphana ndi a Canon, dzanja limasokonezeka, bola ma follow focus ambiri mumatha kusamutsa kagiya kupita mbali inayo. Poyeza mtunda ndi tepi yambirani pa kachizindikiro ka bwalo lodulidwa ndi mzere pa thupi la kamera, osati kutsogolo kwa lenzi.

Komanso tinene zoona, chida chimenechi chinapangidwira munthu wachiwiri woima pambali, ntchito yake fokasi yokha. Pa vidiyo ya kwaya pomwe mukudziwa kuti woyambitsa nyimbo ayima apa kenako ayenda kufika apo, ndi chabwino zedi. Pa ukwati muli nokha anthu akuvina perekaniperekani uku ndi uku, ine ndimaona kuti chimangokulemetsani.

Matte box ndiye kuno kunyanja imadya ndalama yake mwachilungamo. Ku Senga Bay dzuwa limatulukira pamadzi, nde mukamajambula mabwato akubwera ndi usipa m'mawa kuwala kumakumenyani kawiri, kuchokera kumwamba ndi kochokera pamadzi, chithunzi chimayera ngati mwajambulira mu utsi. Chitseko chapamwamba pa matte box mumachitsitsa pang'onopang'ono mukuyang'ana pa monita mpaka chitayamba kuoneka, kenako nkuchibweza pang'ono. Kunyezimira kwa madzi kumafuna fyuluta ya polarizer, ndipo kuti igwire ntchito thireyi yoilowetsera mu bokosi iyenera kukhala yozungulira, funsani zimenezi musanaitanitse chifukwa timabokosi totchipa tambiri tilibe.

Za ND, fyuluta yakuda yochepetsa kuwala kolowa mu lenzi, tawerengani nokha. Pa 25fps shutter ndi 1/50, Blackmagic Pocket 4K kapena 6K ISO yake yeniyeni yotsika ndi 400, dzuwa la masana mu Okutobala likufuna kuti mutseke kabowo ka lenzi mpaka f/45 yomwe lenzi yanu ilibe nkomwe. Mukalowetsa fyuluta ya ND 1.8, yomwe imadula ma stop 6 (stop imodzi ndi kudula kuwala ndi theka), mumafika pa f/5.6, apo nde mwayamba kujambula. Mafyuluta ake ambiri ndi a mainchesi 4x5.65, ndipo tengani a IRND, omwe amadulanso kuwala kwa infrared, chifukwa ND wamba ikakhala yakuda kwambiri suti yakuda ya mkwati imatuluka yofiirira, pokonza pa kompyuta mudzalira. Amene muli ndi Pocket 6K Pro muli kale ndi ND mkati ya ma stop 2, 4 ndi 6, inu bokosi ndi lotchingira kuwala ndi polarizer basi.

Mpata wa pakati pa lenzi ndi bokosi tsekani ndi kansalu kaja amati donut, kupanda kutero kuwala kumalowera kumbuyo nkugunda pa fyuluta. Ndipo lenzi yomwe imatalika mukamapanga zoom ngati Canon 24-105 imakagunda galasi la fyuluta, imeneyo imafuna bokosi lomangirira pa lenzi pomwepo. Sigma 18-35 siitalika, nchifukwa chake ambiri amaikonda pa ma rod.

Nyengo ya mwera chitseko chapamwamba chimakola mphepo kamera nkumanjenjemera pa tripod, mangani zolimba kapena chichotseni. Mchenga nawo umalowa m'mathireyi ndi m'mano a giya. Mukafika kunyumba masulani zonse, uzirani ndi kopopera mpweya ndi kaburashi, fyuluta osaipukuta ndi malaya ili ndi mchenga.