Momwe ndinamangira tayala la sipeya pamphuno pa Kombi yathu yogonamo

Nkhani yonse inayamba ndi bedi. Kombi yathu ndi Volkswagen ya 1976, ya zija anazikonza kuti mkati mukhale pogona, kabati ya ziwiya ndi kasitovu ka gasi. Ndinaigula kuno ku Johannesburg kwa mkulu wina yemwe inangomukhalira pabwalo. Tayala la sipeya linkakhala mkati, kumbuyo cha kumanzere pamwamba pa injini, pomwe matiresi amafika tikatambasula mpando. Mayi akunyumba anapirira maulendo awiri. Tikukonzekera wachitatu, wa kumudzi wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa Mwanza, anandiuza mosapsatira mawu: "Bambo a ana, musankhe. Mugona ndi ine kapena ndi tayala lanulo?"

Padenga sipakanatheka. Denga lathu ndi lotukula kuti munthu aziimirira mkati, ndipo tayala ndi rimu yake zimalemera pafupifupi makilogalamu 20. Kumbuyo nako ayi, chifukwa n'komwe kuli chitseko cha injini, chomwe mwini Kombi yakale amatsegula kawirikawiri kuti aone oyilo. Komanso kulemera kwambiri kwa galimotoyi kuli kale kumbuyoko. Kunatsala kutsogolo.

Apa ndiyambe ndachenjeza, chifukwa anzanga ena ataona yanga anayamba kusirira. Kombi ya mtundu uwu injini yake imazizira ndi mphepo ndipo ili kumbuyo, choncho pamphuno palibe rediyeta yoti itsekeke. Amene muli ndi Hiace, Coaster, ngakhale Microbus zija ankapanga ku Uitenhage mpaka 2002, rediyeta yanu imadalira mphepo yolowera kutsogolo. Mukaika tayala pamenepo mwaitseka pakamwa. M'tauni mwina simungaone kanthu, koma kutentha kwa ku Tete kudzakuuzani zoona.

Poyamba ndinalakwitsa, ndipo ndiulule. Ndinagula kachitsulo kopangiratu komwe amamanga ndi mabawuti anayi pamphuno penipeni, pomwe pamakhala chizindikiro cha VW. Ntchito yake inali ya ola limodzi, ndipo ndinajambula zithunzi n'kutumizira abale pa WhatsApp monyadira. Titayenda msewu wafumbi wa mabampu Loweruka lina, ndinaona penti itang'ambika mozungulira mabawuti a m'munsi, lata litayamba kulowa mkati. Lata la pamphunopo ndi lopyapyala, mukalikankha ndi chikhatho limagonja. Tayala likamagwedezeka pa bampu iliyonse limakoka m'mwamba n'kukankha m'munsi, ndiye latalo limapindika uku ndi uku ngati waya amene mukufuna kumudula ndi manja. Ndinachotsa tsiku lomwelo.

Kachiwiri ndinayamba ndi katoni, osati dirilo. Tayala la 185R14C ndi lotalika pafupifupi masentimita 65, choncho ndinadula katoni yozungulira ya msinkhu umenewo n'kuimata pamphuno ndi tepi. Apa m'pamene ndinakhalitsa, chifukwa malo ndi ochepa kuposa momwe amaonekera. Pamwamba, pansi pa galasi, pali timipata tolowetsa mphepo mkati mwa galimoto, ndipo m'galimoto yopanda makina oziziritsira simungafune kutitseka. M'mbali muli nyali. M'munsi muli bampala ndi nambala puleti, yomwe apolisi a pamsewu ayenera kuiwerenga bwinobwino. Ndinasuntha katoniyo kangapo, kenako ndinakhala pampando woyendetsera kuti ndione ngati m'mphepete mwake mukutchinga msewu. Usiku ndinayatsa nyali moyang'anizana ndi khoma la garaja kuti ndione ngati pali mthunzi. Panalibe, koma m'mbali monsemo munangotsala mpata wochepa, ndiye tayala linayenera kukhala pakati penipeni.

Ndi katoni yomweyo ndinapita kwa wowotcherera wina wakwathu yemwe ali ndi kashedi cha kufupi ndi komwe tikhala. Anayang'ana pansi pa galimoto, anagogoda apa ndi apo ndi sipanala, n'kunena kuti: "Achimwene, katundu amasenza ndi chasisi. Lata ndi malaya chabe." Tinagwirizana zoti kulemera konse kutsikire pa zitsulo zogwira bampala, zomwe zimamangidwa ku chasisi ndi mabawuti akuluakulu. Anapanga zitsulo ziwiri zoima za paipi ya ngodya zinayi, zochokera pamenepo, n'kuzilumikiza ndi china chopingasa. M'munsi anaikamo kampando kopindika komwe tayala limakhalapo, kuti pomanga kapena pomasula musamalinyamule m'malere uku mukusaka mabowo. Kampando kameneka sindinakaganizire, koma ndi kamene ndimakathokoza kwambiri.

Pakati pake panabwera chitsulo chafulati chokhala ndi mabawuti atatu ogwira rimu. Kombi zambiri za kuyambira 1971 zili ndi mabowo asanu pa bwalo la mamilimita 112, pomwe zakale kwambiri zili ndi bwalo lalikulu la 205, ndiye musangokhulupirira zomwe wogulitsa wanena. Ife sitinavutike ndi masamu: tinagoneka rimu pachitsulopo n'kulemba mabowo ndi choko. Mabawutiwo tinasankha a M14, kutanthauza onenepa mamilimita 14, a mazinga ofanana ndi a kumawilo, kuti manati ake akhale amodzimodzi ndipo sipanala ya 19 yomweyo izigwira ntchito ponseponse. Nati wina akatayika panjira, ndili ndi atatu osungira pamphuno.

Chinthu chimodzi ndinakana. Wowotcherera uja ankafuna awotcherere chimangocho pa galimoto kuti ntchito ithe msanga. Ndinati ayi, zonse zikhale za mabawuti. Tsiku lina ndidzafuna kupenta, kapena kuwongola bampala, kapena kugulitsa galimoto kwa munthu wosafuna tayala pamphuno.

Kumanga ndinachita ndekha kunyumba. Choyamba ndinatsegula kumbuyo n'kumasula waya wa batire. Kenako ndinachotsa timatabwa ta kumapazi mkati mwa kabini, chifukwa kuseri kwa mphunoyo kumadutsa mawaya a nyali, ndipo bokosi la mafiyuzi silili patali. Dirilo ikapyola lata imalowa mwamphamvu, ndiye ndinaika kathabwa kuseri kuti iziima pamenepo. Kumtunda kwa chimango kunafunika kogwirizira kamodzi kuti tayala lisamavine kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mwayi wake mabowo awiri a m'mwamba a kulakwitsa kwanga kuja anali pamalo oyenera. Ndinangowakulitsa pang'ono, ndinapala m'mphepete, n'kupaka penti yoletsa dzimbiri. Awiri a m'munsi ndinawatseka. Penti imeneyi musaithamangire, isiyeni iume. Bowo losapakidwa pa Kombi ndi khomo la dzimbiri, ndipo galimoto zimenezi zimafa ndi dzimbiri kuposa injini.

Mkati ndinaikamo chitsulo chafulati cha mamilimita 3, chotambalala ngati chikhatho, kuti mphamvu ya bawuti igawike pamalo aakulu. Pakati pa chitsulo ndi lata ndinaika labala wodula ku chubu chakale. Ndipo apa pali mfundo yomwe ndikufuna muimve bwino. M'galimoto yopanda boneti ngati iyi, mawondo anu ali pafupi kwambiri ndi mphuno. Bawuti wotalika woloza mkati ndi mkondo wodikira tsiku la ngozi. Mitu ya mabawuti ikhale mkati, mazinga ndi manati zikhale kunja. Ena amati tayala pamphuno limateteza pakagundana galimoto. Ine sindiwerengera zimenezo, ndinaliika chifukwa cha bedi basi.

Mabawuti onse omangira chimangocho pa galimoto ndinagula a M10 olembedwa 8.8 pamutu, nambala yosonyeza kulimba kwake, ndi manati okhala ndi pulasitiki mkati omwe samasuka ndi kugwedezeka. Ndinawalowetsa onse kaye momasuka, ndinakweza tayala, ndinabwerera m'mbuyo kukaona ngati laima mowongoka, kenako ndinalimbitsa kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Mukayamba kulimbitsa kumtunda, chimango chimakoka lata kuti lichitsatire ndipo mwabwerera pa vuto loyamba lija. Nambala puleti ndinaitsitsira pa bampala, pomwe imaoneka yonse.

Zotsala zinali zing'onozing'ono, koma zosaiwalika. Tayala ndinalitembenuza kuti valavu ikhale poti pampu ifike popanda kumasula. Ndinaboola bawuti mmodzi kunsonga n'kuikapo loko, chifukwa tayala lili panja ndi chiyeso kwa odutsa, kaya ku Johannesburg kaya pa boda pomwe mumasiya galimoto n'kukaima pamzere. Poyang'anitsitsa m'mbali mwa tayalalo ndinapeza manambala anayi aja osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa. Mapazi ake anali akadali akuya, koma linali litadutsa zaka khumi, ndi timing'alu tating'ono m'mbali. Ndinagula latsopano. Popeza tsopano likhala padzuwa tsiku lonse, mayi akunyumba anasoka chovundikira cha kanivasi chokhala ndi chingwe chokoka kuseri.

Poyesa ndinayenda makilomita pafupifupi 50, theka pa tala, theka pa fumbi, wailesi nditazimitsa kuti ndimve chilichonse chogogoda. Nditabwera ndinapeza manati awiri a pansi akulola kuzungulira pang'ono, ndipo ndinawalimbitsanso. Chiwongolero chinalemerako poimika galimoto, popeza Kombi iyi mumakhotetsa ndi mphamvu ya manja anu, koma pamsewu waukulu ndinamva ngati mphuno yakhazikika bwino lole ikandidutsa. Chimene ndinaiwala n'chakuti galimoto yatalika ndi masentimita opitirira 20. Madzulo omwewo ndinalowa m'garaja mwachizolowezi, n'kupsompsonetsa tayala ku khoma. Tsopano pansi pali njerwa yoimitsira wilo.

Pa ulendo wa kumudzi uja, tayala la kumbuyo linaphwa titangodutsa Mutoko. Sitinatsitse chikwama ngakhale chimodzi. Ndinatsegula loko, ndinamasula manati atatu, tayala linatsetsereka pa kampando kake. Lophwalo linakwera pamphuno ndi fumbi lake lonse, ndipo mayi akunyumba, omwe anali atagona kumbuyo, anangodzuka chifukwa jeke inapendeketsa bedi.